Kachizindikiro kachilendo pafupi ndi wotchi: kafunseni dzina, mudzi ndi mfumu yake

Aphunzitsi anga a Sitandade 7, amene anapuma pantchito kalekale, anafika pashopu panga ku Zomba Loweruka lina m'mawa atakulunga laputopu m'chitenje. Laputopuyo anawatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg. Titalonjerana, anakhala pabenchi, anayitsegula, n'kuloza ndi chala pakona ya m'munsi kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi.

"Mwana wanga, kachinthu aka kanabwera Lachitatu. Ine sindinakayitane. Adzukulu akuti ndi vayirasi, ndiye kuyambira tsiku limenelo sindinalembemo kanthu."

Anali ndi malipoti a kumpingo oti apereke mawa lake, koma masiku atatu onse laputopu inangokhala m'chitenjemo. Kachinthuko kanali kabwalo kakang'ono kokhala ndi kadontho pakati. Ndinayendetsa mausi, n'kuyimika kamuvi pamwamba pake osadina, ndipo panatuluka mawu akuti "Your location is currently in use". Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, aka si kachilendo. Ndi Windows yemweyo akukudziwitsani kuti pali pulogalamu imene yafunsa dera limene muli." Titafufuza tinapeza kuti inali pulogalamu ya zanyengo, imene inkafuna kudziwa ngati iwauze za mvula ya ku Zomba kapena ya ku Johannesburg.

Zinandipweteka kuti munthu wamkulu anataya masiku atatu chifukwa cha chinthu chimene chinatitengera mphindi imodzi. Komabe sindinganene kuti mantha awo anali opanda pake, chifukwa pamalo omwewo ndaonapo tizizindikiro tina timene tinali khomo la wakuba. Vuto n'lakuti ambiri tikaona chachilendo timachita chimodzi mwa ziwiri: kuthamangira kuchichotsa, kapena kungochisiya n'kumayang'ana kumbali. Zonsezi timachita tisanachidziwe.

Pamalo paja ambiri timapatchula kuti system tray. A Microsoft eni ake amati notification area, ndipo dzina la tray linamatirira kuchokera ku kapulogalamu kotchedwa systray.exe ka mu Windows 95. Pamakhala mapulogalamu amene akugwira ntchito mwakachetechete popanda windo yotsegula: oyang'anira mawu, batire, netiweki, pulinta, chitetezo. Kachithunzi kamene mukuona ndi nkhope chabe. Nkhope aliyense angathe kubwereka. N'chifukwa chake ine ndimachita monga timachitira kwathu mlendo akafika madzulo n'kupempha malo ogona. Timamufunsa dzina, timamufunsa mudzi umene wachokera, ndipo ngati nkhani yake ndi yayikulu timafuna kalata ya mfumu yake. Pakompyuta dzina ndi dzina la fayilo, mudzi ndi foda imene fayiloyo ikukhala, ndipo kalata ya mfumu ndi siginecha ya kampani imene inapanga pulogalamuyo. Zitatuzi zikagwirizana, mtima wanga umakhala m'malo.

Yambani ndi maso

Musadine kaye. Yimikani kamuvi ka mausi pamwamba pa kachizindikiroko, dikirani masekondi awiri kapena atatu. Mapulogalamu ambiri amatulutsa kabokosi ka mawu kotchula dzina lawo. Lembani mawuwo papepala mmene alili, chilembo ndi chilembo. Ngati mausi ikuvuta, gwirani batani la Windows n'kudina B, kenako muziyenda ndi mabatani a mivi, ndipo kachizindikiro kalikonse kazidzitchula.

Pafupi pomwepo pali kamuvi koloza m'mwamba. Kadineni. Mumatuluka kabokosi ka tizizindikiro tobisika, ndipo anthu ambiri amadabwa kuona kuti muli tisanu ndi titatu kapena khumi timene sanationepo chiyambire.

Nthawi zina mukangoyandikitsa kamuvi, kachizindikiroko kamazimiririka. Musaope. Pulogalamu yake inali itafa kale mwadzidzidzi isanachotse nkhope yake, ndipo Windows amazindikira zimenezi mukadutsitsapo mausi. Ngati kamabwerabwera tsiku ndi tsiku n'kumathawa chonchi, ndiye kuti pali pulogalamu imene ikuyamba n'kugwa, ndipo muyipeza m'njira zimene ndifotokoze m'munsimu.

Kakakana kudzitchula, dinani batani lakumanja la mausi. Pamndandanda umene utuluke, funani mawu akuti About, Help kapena Settings. About ndiye amandithandiza kwambiri chifukwa amatchula dzina la pulogalamu ndi kampani. Chimene sindifuna mudine ndi mawu okopa monga Fix now, Clean, Activate kapena Upgrade pa chinthu chimene simunachidziwe. Safunsa anadya phula.

Njira ina yachidule imene ambiri sayidziwa ndi yoti Windows amasunga mndandanda wa tizizindikiro tonse ndi mayina ake. Mu Windows 10 pitani ku Settings, Personalization, Taskbar, n'kudina Select which icons appear on the taskbar. Mu Windows 11 njira ndi yomweyo, koma pamapeto mutsegula Other system tray icons. Amene mukadali pa Windows 7, muzipeza mu Control Panel pa Notification Area Icons. Mukafika pamenepo, kachithunzi kalikonse kamakhala moyandikana ndi dzina lake, ndiye mungofananitsa ndi kamene kakukuvutitsani. Dziwani kuti mndandandawu umasunganso mayina a mapulogalamu amene munachotsa kale, choncho si lililonse lili pamenepo limene likugwira ntchito lero.

Kumufunsa mudzi

Apa ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa dzina lokha silikwanira. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, windo yosonyeza mapulogalamu amene akugwira ntchito pakompyuta. Mu Windows 10 ikatseguka yaying'ono, dinani More details m'munsi. Pa tsamba la Processes muona magulu atatu: Apps pamwamba, Background processes pakati, ndi Windows processes pansi. Mlendo wanu kawirikawiri amakhala m'gulu lapakatilo. Tsikani pang'onopang'ono mukuyang'ana tizithunzi ta kumanzere kwa mayina, chifukwa nthawi zambiri kachithunzi ka pamenepo kamafanana ndi ka pafupi ndi wotchi.

Ndisanapite patali ndimachita kanthu kamodzi kamene kamafupikitsa ntchito. Ndimadina kumanja pamutu wa mzere, pamene palembedwa Name, n'kuchonga Publisher, Process name ndi Command line. Zikatero dzina la kampani, dzina lenileni la fayilo ndi malo amene ikuchokera zimaoneka pamzere umodzi. Pulogalamu imene pa Publisher palibe kanthu ndimayiyang'ana kawiri.

Mukamupeza amene mukumuganizira, dinani kumanja pa dzina lake n'kusankha Open file location. Patseguka foda imene fayiloyo imakhala. Werengani adiresi ya pamwamba. Mapulogalamu ambiri olongosoka amakhala mu C:\Program Files kapena C:\Program Files (x86), m'foda yokhala ndi dzina la kampani yawo. Za Windows mwini zimakhala mu C:\Windows, makamaka mu System32. Koma mukapeza kuti fayilo ikuthamanga kuchokera mu Temp, mu Downloads, kapena m'foda ya dzina losamveka la zilembo zosakanikirana ndi manambala, imani kaye.

Pali foda ina yotchedwa AppData imene imasokoneza anthu. Ena amaphunzitsa kuti chilichonse cha mu AppData ndi vayirasi, zomwe si zoona. Zoom imakhala mmenemo, Telegram ya pakompyuta imakhalanso mmenemo, ndipo pamakompyuta ambiri OneDrive ilinso momwemo. Mavayirasi amakondamo chifukwa kulowamo sikufuna chilolezo cha mwini kompyuta. Ndiye mudzi umenewu uli ndi anthu abwino ndi oipa omwe, ndipo apa ndi pamene kalata ya mfumu imafunika.

Pa fayilo ija, dinani kumanja, sankhani Properties. Yang'anani ngati pali tsamba lotchedwa Digital Signatures. Ngati lilipo, dinani dzina limene lili mmenemo, kenako Details. Mukawerenga mawu akuti "This digital signature is OK" ndipo dzina la wosayina ndi la kampani yodziwika monga Intel, Realtek, HP, Lenovo kapena Google, ndiye kuti fayiloyo inachokeradi kwa iwo ndipo palibe anayisintha panjira. Dzina la pa tsamba la Details lokha, pamene pamalembedwa Product name ndi Copyright, musalikhulupirire kwambiri, chifukwa wopanga pulogalamu aliyense angathe kulembapo zimene wafuna. Siginecha ndiyo yovuta kuyinamizira.

Mfundo ziwiri zoti musaziiwale apa. Yoyamba, mafayilo ena a Windows enieni sasonyeza tsamba la Digital Signatures chifukwa siginecha yawo imasungidwa padera, ndipo timapulogalamu tina tabwino topangidwa ndi munthu mmodzi tilibe siginecha chifukwa imagulidwa ndi ndalama. Kusowa kwake ndi chifukwa chopitirizira kufunsa, osati chiweruzo. Yachiwiri, siginecha imangokuuzani amene anapanga, sikuuzani kuti ndi munthu wabwino. Mapulogalamu ambiri ovutitsa ndi zotsatsa amakhala osayinidwa bwinobwino ndi timakampani timene simunatimvepo.

Mayina obwereka ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Fayilo ya svchost.exe ndi ya Windows, ndipo mu Task Manager mumaoneka ambirimbiri, zomwe zili bwino. Yeniyeni imakhala mu System32, ndipo inzake ili mu SysWOW64. Koma mukaona scvhost.exe, zilembo ziwiri zitasinthana malo, kapena svchost.exe amene akukhala m'foda ya dzina lanu, ameneyo ndi wakuba wovala yunifomu. Amasankha dala dzina lotere podziwa kuti mudzaopa kumukhudza. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chomuchotsera pamkhatepo ndi kuwerenga dzina mwachifatse ndi kuona foda yake.

Ngati mwatsala ndi mapulogalamu awiri kapena atatu ndipo simukudziwa mwini nkhope, yesani chonchi. Sungani ntchito yanu yonse kaye. Dinani kumanja pa mmodzi, sankhani End task, kenako dutsitsani mausi pa kachizindikiro kaja. Kakazimiririka, mwamupeza. Izi sizichotsa pulogalamu, zimangoyiyimitsa mpaka mutayatsanso kompyuta. Chitani izi m'gulu la Background processes mokha. Za m'gulu la Windows processes zisiyeni, chifukwa zina mukaziyimitsa kompyuta imazima pompo.

Akakanitsitsa

Pali alendo ena ouma mutu: alibe mawu mukayimika mausi, kudina kumanja sikutulutsa kanthu, ndipo mu Task Manager nkhope yawo siyikuoneka. Pa oterowo ndimatenga Process Explorer, imene imafanana ndi Task Manager koma imasonyeza zambiri. Ndi pulogalamu yaulere ya m'gulu la Sysinternals, limene anayambitsa Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell, ndipo a Microsoft analigula mu 2006. Itengeni pa webusayiti ya Microsoft pokha, osati kwa mnzanu wa fulashi. Ndi yaying'ono, siyimaliza bandulo, ndipo siyifuna kuyikidwa, mumangoyitsegula. Pa Options chongani Verify Image Signatures, ndipo izikuuzani pa mzere uliwonse ngati siginecha ndi yoona, ngakhale ya mafayilo a Windows aja amene sasonyeza tsamba lawo.

Pamwamba pake pali kachizindikiro kooneka ngati chandamale, kamene mumakakoka n'kukaponya pa windo iliyonse kuti mudziwe mwini wake. Ambiri amakaponya pa kachizindikiro ka pafupi ndi wotchi n'kuona yankho lakuti explorer.exe, kenako amasokonezeka. Yankholo ndi loona koma silithandiza, chifukwa malo onse aja mwini wake ndi Explorer, pulogalamu ya Windows imene imaonetsa mafoda ndi mzere wa m'munsi uja, ndipo mapulogalamu amangochita lendi. Chofunika n'kuyamba mwapangitsa kachizindikiroko kutsegula windo yake kapena kauthenga kake, n'kuponya chandamale pa windoyo.

Process Explorer imathanso kufunsa ku VirusTotal, webusayiti imene Google inagula mu 2012, imene imayeza fayilo ndi ma antivayirasi pafupifupi 70 nthawi imodzi. Mungathenso kupita nokha ku virustotal.com n'kutumiza fayilo ija munayipeza ndi Open file location. Mmodzi kapena awiri okha akadandaula, kawirikawiri amakhala alakwitsa. Akadandaula makumi awiri kapena atatu, nkhani yatha. Chonde musatumizeko makalata anu, ma CV kapena mabuku a ndalama, chifukwa zimene zatumizidwa kumeneko akatswiri ena a chitetezo amatha kuziona. Kumeneko n'kotumiza mapulogalamu basi.

Kwa a Windows 11 yatsopano amene manja awo ndi odekha, pali malo ena mu Registry, nkhokwe imene Windows amasungamo zokonzera zake. Tsegulani regedit, pulogalamu yoonera nkhokweyo, pitani ku HKEY_CURRENT_USER\Control Panel\NotifyIconSettings. Muli timafoda ta manambala ataliatali, ndipo kalikonse kali ndi mzere wa ExecutablePath wotchula fayilo imene inayikapo kachizindikiro. Werengani kokha, musasinthe kapena kufufuta kanthu.

Mungathenso kujambula kachizindikiro kakukuvutitsaniko. Dinani Windows, Shift ndi S, dulani kachithunziko, n'kukafufuza pa Google Lens. Tizithunziti ndi tating'ono kwambiri moti nthawi zina yankho limasochera, choncho ine ndimayamba ndi dzina la fayilo. Pofufuza dzinalo pa intaneti chenjerani ndi mawebusayiti amene fayilo iliyonse amayinena kuti ndi yoopsa n'kukuuzani kuti mutenge pulogalamu yawo yoyeretsera. Amenewo akufuna ndalama zanu.

Nkhope zimene ndimakumana nazo kawirikawiri

Zambiri zimene anthu amabwera nazo pashopu ndi za pakhomo pomwe. Kamtambo ndi OneDrive, yosungira mafayilo pa intaneti. Chishango ndi Windows Security. Kachithunzi ka fulashi ndi kochotsera fulashi bwinobwino. Kasipika kofiirira, kosiyana ndi koyera ka Windows, ndi Realtek, yoyendetsa mawu. Diso lobiriwira ndi NVIDIA, yoyendetsa zithunzi za pasikirini. Kamayikolofoni kakaoneka ndiye kuti pali pulogalamu imene ikumvetsera, ndipo mukayimikapo mausi amakuuzani kuti ndi iti. Mivi iwiri yozungulira yokhala ndi kadontho ndi Windows Update ikupempha kuti muzimitse n'kuyatsanso. Pamakompyuta ambiri a kuno mupezanso kachizindikiro kobiriwira ka Smadav, antivayirasi ya ku Indonesia imene amisiri amakonda kuyika chifukwa cha mavayirasi a m'mafulashi, komanso timapulogalamu ta madongulo akale timene tinatsalira dongulo itatayika kalekale.

Nthawi zina Windows amabweretsa yekha kachizindikiro katsopano. Mu June 2015 makompyuta a Windows 7 ndi 8.1 anadzuka ndi kambendera koyera ka Get Windows 10, ndipo chakumapeto kwa 2020 pa Windows 10 panabwera kakamera ka Meet Now. Nthawi zonse ziwirizi pashopu panga panafika anthu oganiza kuti alowedwa.

Pali chinthu china chimene chimaoneka ngati chikuchokera pamalo omwewo koma si pulogalamu. Ndi timauthenga totuluka pakona paja tonena kuti kompyuta yanu ili ndi mavayirasi asanu, dinani apa. Kawirikawiri timachokera ku webusayiti imene munayilola kutumiza mauthenga mosadziwa. Yang'anitsitsani kauthengako, muona dzina la Chrome kapena Edge ndi adiresi ya webusayitiyo m'zilembo zazing'ono. Mu Chrome pitani ku Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, n'kuchotsa mawebusayiti onse amene simukuwadziwa.

Amene ndimawaopadi

Alamu anga ali ndi shopu ya hadiweya, ndipo mabuku awo onse a katundu ndi ngongole ali pakompyuta imodzi. Inawonongeka ine ndili kumudzi kumaliro, ndiye anapita nayo kwa mmisiri wina. Patatha mwezi anandiyimbira.

"Alamu, tabwerani mudzaone. Dzulo usiku kamuvi kamayenda kokha ine manja ali m'thumba."

Nditafika ndinadina kamuvi koloza m'mwamba kaja, ndipo m'kabokosi ka zobisika munali kachizindikiro kamene iwo anali asanakaonepo. Inali pulogalamu yolola munthu kuyendetsa kompyuta ali kutali. Dzina linali loona, foda inali yoyenera, siginecha inali yabwino. Mafunso anga atatu onse inakhoza. Koma titatsegula zokonzera zake tinapeza kuti inayikidwa kuti izidzuka yokha kompyuta ikayaka, ndiponso kuti munthu wodziwa pasiwedi azilowa popanda kupempha. Pasiwediyo alamu anga sankayidziwa. Tinazula waya wa intaneti, tinachotsa pulogalamuyo, ndipo usiku womwewo tinasintha mapasiwedi a imelo ndi a kubanki pogwiritsa ntchito foni, osati kompyuta ija.

Kuyambira tsiku limenelo ndinawonjezera funso lachinayi: anakuyitana ndani? Mapulogalamu a mtundu umenewu, monga AnyDesk ndi TeamViewer, ndi zida zabwino zimene makampani ndi amisiri amagwiritsa ntchito moona mtima tsiku lililonse, ndipo antivayirasi kawirikawiri sawaletsa chifukwa si mavayirasi. Koma mukawapeza pakompyuta panu inu musanawayike, ndipo simunauzidwe, ndiye kuti wina ali ndi kiyi wa nyumba yanu. Mmisiri wolongosoka amakuuzani, ndipo akamaliza ntchito amachotsa.

Malaputopu a kaunjika ali ndi nkhani yawoyawo. Ambiri amachokera kumaofesi a kunja, ndipo ena amafika asanafufutidwe bwino. Mumapeza tizizindikiro ta VPN, pulogalamu yolowera mu netiweki ya kuntchito munthu ali kutali, ya kampani yakale monga Cisco AnyConnect kapena GlobalProtect, kapenanso mapulogalamu amene kampaniyo inkayang'anira nawo makompyuta ake. Onani ku Settings, Accounts, Access work or school ngati laputopuyo idakali yolembetsedwa ku bungwe lina. Malangizo anga pa laputopu yotere ndi amodzi: musalimbane ndi kachizindikiro kamodzikamodzi, sungani zanu pafulashi n'kuyikamo Windows watsopano kuyambira pachiyambi.

Ndinenenso ichi poyera, kuti musadzinamize. Pamalo paja pakakhala poyera sizitanthauza kuti kompyuta ili bwino. Wakuba weniweni sayenda ndi nyali. Mavayirasi ambiri oopsa sayika kachizindikiro n'komwe. Amene amadzionetsa kwambiri ndi aja onamizira kuyeretsa kompyuta kapena kukonza madirayiva, timapulogalamu toyendetsa zida za kompyuta, chifukwa akufuna muwaone kuti muwalipire. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwamudziwa, ndiye mutani naye

Ngati ndi wa pakhomo ndipo akungokusowetsani mtendere ndi nkhope yake, mukokeni ndi mausi n'kumuponya m'kabokosi ka zobisika. Zathera pomwepo.

Ngati ndi pulogalamu yabwino koma simuyifuna nthawi zonse, ingoyiletsani kudzuka yokha. Mu Task Manager pitani pa Startup, kapena Startup apps mu Windows 11, dinani kumanja pa dzina lake n'kusankha Disable. Mu Windows 7 zimenezi zili m'kapulogalamu kotchedwa msconfig. Ndimakonda Disable chifukwa ndi chitseko chimene mungatsegulenso mawa. Mtsikana wina wa kukoleji anabwera akulira sabata ya mayeso atachotseratu mapulogalamu anayi amene mayina ake sankawadziwa. Awiri mwa iwo anali oyendetsa touchpad ndi mabatani owonjezera kuwala ndi mawu. Tinataya masana onse kufunafuna madirayiva a laputopu yakale, pa intaneti yochedwa, iye akuwerengera maola a mayeso. Akanangodina Disable, tikanabweza m'mphindi ziwiri. Zimitsani chimodzi, gwirani ntchito tsiku lathunthu, muone ngati pali chimene chasiya kuyenda, kenako muzimitse china.

Mukatsimikiza kuti simukumufuna, musakafufute fayilo yake m'foda muja. Kutero kumasiya mizu. Pitani ku Settings, Apps, n'kumuchotsa ndi Uninstall. Mndandanda umenewo usanjeni potsata tsiku loyikidwa, pa Install date kapena Date installed. Aphunzitsi anga anati kachinthu kawo kanabwera Lachitatu, ndipo tsiku lotere ndi umboni wamphamvu. Mukaona mapulogalamu atatu achilendo oyikidwa tsiku limodzi ndi pulogalamu yaulere yosinthira mavidiyo imene mdzukulu anakopera, mwadziwa kuti anabwera atabelekedwa kumsana kwa iyo. Kumbukirani kuti pulogalamu ikalandira zosintha zatsopano tsiku lake limasinthanso, ndiye musaweruze ndi tsiku lokha.

Kwa ife ogula bandulo, pali chifukwa china chowadziwira alendowa. Ena amadya intaneti usana ndi usiku. Mu Settings, pa Network & internet, funani Data usage. Mu Windows 11 ili pansi pa Advanced network settings. Muona pulogalamu iliyonse ndi mamegabayiti amene yadya m'masiku 30 apitawa. Ndaonapo munthu akukangana ndi ana ake za bandulo pamene wakudya anali kachizindikiro kobiriwira ka pulogalamu ya matorenti, yokopera ndi kugawana mafayilo pa intaneti, kamene kankatumiza mafilimu kwa anthu ena iye ali mtulo. Ngati mumagwiritsa ntchito hotspot ya foni, tsegulani Properties ya netiwekiyo n'kuyatsa Metered connection, kuti Windows ndi mapulogalamu ena azidya mosamala.

Akakhala kuti ndi woipadi, wa dzina lobwereka kapena amene VirusTotal yamukana, chotsani kompyuta pa intaneti kaye. Tsegulani Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, n'kusankha Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta izima n'kudziyeza Windows asanadzuke, pamene vayirasi sinapeze mpata wodzibisa, ndipo zimatenga pafupifupi mphindi 15. Onetsetsani kuti batire ndi yodzaza kapena magetsi alipo. Akabweranso pambuyo pake, Autoruns ya ku Sysinternals komweko imasonyeza malo onse amene pulogalamu ingabisale kuti izidzidzutsa, kuphatikizapo Task Scheduler ndi Services. Ikakukulirani, pitani nayo kwa munthu amene mumamukhulupirira, ndipo mukhale pambali pake akamagwira ntchito. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka zosintha zachitetezo zanthawi zonse za Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo za Windows 7 zinatha mu January 2020, choncho pamakompyuta amenewo maso anu akufunika kwambiri kuposa kale.

Aphunzitsi anga asananyamuke tsiku lija, ndinatsegula kabokosi ka zobisika n'kuwapempha kuti ajambule ndi foni yawo. Tinawerenga tizizindikiro khumi ndi kamodzi. Ndinawatchulira kalikonse, iwo akulemba kuseri kwa envelopu ndi zilembo zawo zija zoongoka zimene ndinkaziona pabolodi: kamtambo, chishango, kasipika, kabwalo ka kadontho. Tiwiri tinatiletsa kudzuka tokha, tinasiya tisanu ndi tinayi. Ndinawauza kuti kakadzabwera kena kamene kulibe pachithunzipo, adzayimike mausi pamwamba pake, alembe mawu amene atuluke, n'kundiyimbira. Anapinda envelopuyo, anayiyika pakiyibodi, anatseka laputopu n'kuyikulunganso m'chitenje, akuti akufuna akamalize malipoti dzuwa lisanalowe.